KHOSWE WA PAMKHATE: WAPOLISI AKALAKWA AMFUFUZA NDANI?

Kwa Mfumu Yaikulu Malengachanzi ku Nkhotakota, msodzi akaberedwa ukonde kapena injini ya boti, njira yake njodziŵika: apita kupolisi pa boma nakatula dandaulo lake. Nanga ngati womlakwirayo ali wapolisi yemweyo, aloŵera kuti? Funso limeneli ndilo lagona m'kanema wa ku France wotchedwa Dossier 137, amene anamkonza ndi Dominik Moll, ndipo anaonetsedwa koyamba ku Cannes m'chaka cha 2025.

Nkhani yake njopeka, koma maziko ake ngoona. Kuyambira mu Novembala 2018, anthu ovala majekete achikasu anadzaza miseu ya France podandaula za msonkho wa mafuta a galimoto ndi kudula kwa zinthu. Apolisi anaŵabalalitsa ndi mfuti zoponya zipolopolo za labala, ndipo ena anaphulika maso. M'kanemayu, mnyamata wochokera m'tauni ya Saint-Dizier aomberedwa m'mutu ku Paris. Mlandu wake, wa nambala 137, upatsidwa kwa mai wina dzina lake Stéphanie, wapolisi wa nthambi ya IGPN, imene ntchito yake ndi kufufuza apolisi anzao.

Apa mpamene pagona luso la kanemayu. Mulibe kuthamangitsana kwa magalimoto kapena nkhonya. Muli makalata opempha zithunzi, mafunso obwerezedwa kambirimbiri, ndi apolisi oyankha mofanana ngati ana asukulu oloŵeza ndime imodzi. Umboni weniweni uchokera kwa mai wokonza zipinda m'hotela, amene anajambula zonse pazenera ndi lamya yake ya m'manja, koma achita mantha kuupereka. Ndani angamdzudzule? Ngakhale umboniwo upezeka, pavuta kutsimikiza kuti mwa apolisi aŵiri oombawo, chipolopolo chovulaza chinali cha yani. Ndipo potsiriza wofufuza uja ndiye afunsidwa ngati sanakondere. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Woponya mwala aopa kuswa mkhate wa m'nyumba mwake momwe.

Kuno ku Malaŵi nkhani yotere inachitikadi. Mu Febuluwale 2019, bambo Buleya Lule anamangidwa powaganizira kuti anatengako mbali pa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa zaka 14 m'boma la Dedza. Mlanduwo unali woŵaŵa, ndipo mtundu wonse unafuna kudziŵa amene anali kutuma anthu kuchita zoopsazo. Patangopita masiku oŵerengeka, Lule anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Chikhala kuti nkhaniyo inasiyidwa kwa apolisi okha, mwina bwenzi itakwiriridwa pamodzi ndi mwini wake.

Koma mlandu suola. Dokotala woyeza mitembo, Charles Dzamalala, anapeza kuti munthuyo anazunzidwa, ndi kuti chinamupha ndi magetsi. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linafufuza palokha nkuloza chala apolisi. Komabe panapita chaka ndi miyezi ingapo popanda womangidwa. Mu Julaye 2020, boma litangosintha, apolisi 13 anamangidwa, ndipo mu Disembala 2024 Bwalo Lalikulu la Milandu linapeza asanu ndi mmodzi mwa iwo olakwa pa mlandu wakupha. Zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi! Mwana amene anali Sitandade 3 tsiku la maliro a Lule, chigamulo chinampeza atamaliza kale pulaimale.

Ophunzira aone bwino chimene chinatsegula njira. Ku Paris anali mai wa m'hotela. Ku Lilongwe anali dokotala ndi bungwe losalamulidwa ndi mkulu wa apolisi. Konseko choonadi chinadzera kunja kwa mpanda. Aonenso chimene chinatayika: Lule anapita ndi zonse zimene akadaulula m'bwalo la milandu. Kumenya woganiziridwa kunapha mboni, ndipo olira mwana wao anamanidwa mayankho. Amene amati mbala siulula popanda chikoti aganizirepo pamenepa.

Lamulo la apolisi la 2010 linalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Kwa zaka khumi bungweli linangokhala papepala. Mu Okutobala 2019, wapolisi wina ataphedwa ndi gulu la anthu kwa Msundwe, amai ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi anaŵagwirira. Bungwe la maloya achizimai linatengera nkhani ya amai 18 kubwalo, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti apatsidwe chipepeso, nadzudzula apolisi chifukwa cholephera kufufuza anzao. Pambuyo pa chigamulo chimenechi mpamene bungwe lolandira madandaulo lija linayamba ntchito.

Malamulo aakulu a dziko lino salankhula mozungulira. Gawo 19 liletsa kuzunza munthu aliyense, kaya ndi mbala yogwidwa ndi nkhuku m'manja. Gawo 42 liti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo aonekere kubwalo pasanathe maola 48. Apolisi ambiri agwira ntchito yao moona mtima, m'mavuto a galimoto ndi nyumba, ndipo iwo ndiwo ayamba kudetsedwa mnzao wolakwa akabisidwa.

Chovuta nchakuti lamulo lili pafupi ndi wodziŵa kuŵerenga, ndipo likulu la bungwelo lili ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Nkhotakota kudzera ku Salima. Msodzi wa ku Chia wotuluka m'chitokosi ali ndi mabala kumsana ayamba wafuna kalata ya kuchipatala yotsimikiza kuvulala kwake, mboni yosaopa, ndi wina womlembera dandaulo. Kaŵirikaŵiri wolembayo amakhala mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, kapena mwana wake yemwe amene wangomaliza Fomu 4.