Kudzutsa Njinga ya Moto Yakale

Anzanga, njinga ya moto imene yagona m'khonde zaka zambiri sikuti yafa ayi. Taganizani za BSA Bantam, imene inkapangidwa ku Birmingham kuyambira 1948 mpaka 1971. Injini yake ifuna zitatu: petulo, moto wa pulagi, ndi mpweya wopanikizika bwino m'silinda.

Poyamba tsukani dzimbiri m'thanki, pakuti likatsalira litseka kabuleta. Kenaka pukutani pulagi, muone ngati ithetheka moto. Mphete za pisitoni zikatha, mpweya upulumuka, ikani zatsopano.

Chenjerani: injini imeneyi ilibe pampu ya oyilo, choncho oyilo musakanize ndi petulo. Mukaiwala, pisitoni itentha nigwirana ndi silinda, ntchito yonse yapita pachabe.

Konzani mabuleki musanakwere. Paja kuthamanga si kufika.