Mutu Wogwa Ngati Mphezi

Mutu wa malungo, wa dzuwa kapena wa matsire umayamba pang'onopang'ono. Koma ulipo wina umene sugogoda pakhomo. Munthu ali bwinobwino, mwina akusamba, akutsokomola, akusenza thumba la chimanga, akudzithandiza kuchimbudzi kapena ali pamphasa ndi mnzake wa m'banja, ndipo mphindi imodzi isanathe ululu wafika pachimake. Ena amakuwa, ena amasanza, ena safuna kuona kuwala.

Chimodzi mwa zoyambitsa mutu wotere ndi kufinyika mwadzidzidzi kwa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo. Mtsempha umaphwa pena, pena nkutukuka, kotero kuti pa chithunzi cha kuchipatala umaoneka ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Madokotala Gregory Call ndi Marie Fleming ndi anzawo a ku Boston anafotokoza matendawa mu 1988, ndipo dzina la RCVS, limene akudziwika nalo lero, linakhazikika mu 2007.

Ululu waukuluwo umatha pakapita maola ochepa, koma umabweranso kangapo m'kati mwa sabata imodzi kapena ziwiri. Apa mpamene mabanja ambiri amasochera. Poona kuti mutu wagwa popanda malungo, wapita, wabweranso, achibale amati munthu walodzedwa, nkuthamangira kukatemetsa mphini. Masiku amene akutayika choterowo ndiwo ofunika kwambiri.

Matendawa si ofala. Kafukufuku wa ku United States wa mu 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu miliyoni imodzi, pafupifupi 3 ndiwo amagonekedwa nawo pachaka, ngakhale madokotala akuti ambiri sazindikiridwa. Amagwira akazi koposa amuna, makamaka a zaka za m'ma 40. Dokotala Anne Ducros wa ku Paris atatsata odwala 67, analengeza mu 2007 kuti oposa theka anali ndi chochititsa chodziwika, ndipo chamba chinali patsogolo. Zinanso ndi kokeni, mankhwala ena otsegula mphuno pa chimfine, ena a matenda a nkhawa, ndi ergometrine amene azamba amabaya pofuna kuletsa kutaya magazi.

Mayi wongobereka kumene ndiye woyenera kumuyang'anira kwambiri, makamaka masabata awiri oyamba, ngakhale atachira bwino popanda vuto. Mwambo wa chikuta ndi wabwino posunga mayi ndi khanda, koma usatsekere m'nyumba mayi amene wagwidwa ndi mutu wotere. Apongozi ndi anamkungwi ndiwo amakhala pafupi naye, choncho ndiwo oyamba kuchitapo kanthu.

Kuchipatala, ntchito yoyamba ndi kutsimikiza kuti si mtsempha wophulika mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, pakuti amenewa amayambanso ndi mutu woopsa ndipo amapha msanga. Amajambula mutu ndi makina a TAC, amene amapezeka m'zipatala zazikulu zokha, ndipo nthawi zina amatenga madzi a pamsana. Chovuta nchakuti sabata yoyamba chithunzi chingathe kuoneka choyera. Kufinyikako kumaonekera bwino pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndiye wodwala angajambulidwe kawiri.

Chithandizo chake ndi kupuma, kusiya mankhwala kapena chamba chimene chayambitsa, kumwa oletsa ululu ndi kuyezedwa kuthamanga kwa magazi pafupipafupi. Ambiri amapatsidwa nimodipine, amene amachepetsa mutuwo. Mankhwala a mtundu wa prednisolone amapewedwa chifukwa apezeka kuti amawonjezera vuto. Wodwala amauzidwa kuleka ntchito zolemetsa ndi za m'banja kwa masabata angapo.

Mitsempha imabwerera mwakale pasanathe miyezi itatu, ndipo odwala ambiri amachira kotheratu. Ochepa amakomoka ngati a khunyu, amakha magazi mu ubongo kapena kufa ziwalo. Kufa ziwaloko kumakonda kubwera pa sabata yachiwiri, pamene mutu wayamba kuleka ndipo pakhomo akuti munthu wachira. Mkono ukalemera, pakamwa pakapotoka, mawu akamakokeka kapena maso akachita chidima, wodwalayo abwezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.