Mau Otsutsana Sali a Mtundu Umodzi

Mwana wa sukulu akafunsidwa liu lotsutsana ndi "kutentha", amayankha msanga kuti "kuzizira". Yankholo ndi loona, komatu kutsutsana kwa mau kuli mitundu ingapo, ndipo munthu wosaisiyanitsa angathe kumva molakwa zimene mnzake wanena.

Mtundu woyamba ndi wa mau amene amasiya malo pakati pao. Pakati pa madzi otentha ndi ozizira pali madzi ofunda; kotero mai akati madzi sali otentha, sanatanthauze kuti ndi ozizira. Mtundu wachiwiri ulibe pakati: mbuzi ili moyo kapena yafa, basi. Wachitatu ndi wa mau onena chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri. Pamsika wina akamagula nsomba, mnzakeyo ndiye kuti akugulitsa, ndipo wobwereka khasu sangakhalepo popanda wobwereketsa. Wachinai ndi wobweza zimene zachitika, monga kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula. Pamenepa Chichewa chili ndi chida chakechake, ndicho "-ula" wa kumapeto kwa liu.

Tsono pali zinenero zina zimene anthu anachita kupanga dala. Chodziwika kwambiri ndi Esperanto, chimene buku lake loyamba linasindikizidwa ku Warsaw m'chaka cha 1887. Mwini wake, L. L. Zamenhof, dokotala wa maso, anafuna kuti mitundu ya anthu izimvana. Kuti ophunzira asavutike kuloweza mau ambiri, iye anakonza zoti "mal-" akaikidwa patsogolo pa liu, tanthauzo lizitembenuka. "Bona" ndi chabwino, "malbona" choipa. "Varma" chotentha, "malvarma" chozizira. "Fermi" kutseka, "malfermi" kutsekula.

Nzeru imeneyi inachepetsadi ntchito, koma sinakwanire ponseponse. Kugula ndi "aĉeti" pamene kugulitsa ndi "vendi", mau osafanana m'pang'ono pomwe. Madzi ofunda nawo anafuna liu laolao, "varmeta". Ndiponso alakatuli a chinenerocho anayamba kulowetsa mau atsopano, monga "trista", wachisoni, m'malo mwa "malgaja", pakuti "gaja" ndi wokondwa, ndipo chisoni sichimveka kuwawa kwake chikatchulidwa ndi dzina la chimwemwe.

Kusiyanitsa mitunduyi si nkhani ya m'kalasi yokha ai. Mboni ikanena pabwalo la milandu kuti wakubayo sanali wamtali, mfumu yanzeru imafunsanso, popeza sinamve kuti anali wamfupi. Koma ikanena kuti mbuziyo sinali yamoyo, pamenepo palibe chofunsanso.