Thumba la Cimanga Lisanafike Pamudzi

Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi cinauma cisanabereke. Acikulire anakumbukira 1992, caka ca cimanga cacikasu cocokera kunja, pamene anthu anali kulambula misewu kuti alandire cakudya. Pa nthawi zotere mbale ya copereka imayenda m'chalichi, ndipo potuluka wina amanong'oneza mnzake: kodi ndalamazi zidzafikadi kwa anjala?

Funso limeneli si chimo. Koma ambiri a ife timayesa kuti bungwe lokhulupirika ndi lija limene kwacha iliyonse imagula ufa, ndipo pamenepa timalakwa. Thumba silidziyendera lokha. Dziko lathu lilibe doko. Cimanga ca 1992 cinatsitsidwa m'zombo kumadoko akutali monga Dar es Salaam, n'kubwera pa njanji ndi pa malole. Ngakhale cogulidwa ku Chipata, kuti cikafike ku Chama pafunika dizilo, matayala, nyumba yosungiramo, mlonda, mankhwala a anankafumbwe, ndi mlembi wosunga maina. Bungwe loumira malipiro a mlembi limapulumutsa ndalama zocepa, koma matumba amasowa popanda wodziwa kumene alowera. Ndipo cakudya cofika mvula itadula kale milatho, ngakhale cikhale cochipa motani, cimapeza ana atatupa kale mapazi.

Kumene ndalama zimatayikira kwenikweni ndi m'manja ambiri. Civomezi citagwedeza dziko la Haiti mu 2010, bungwe la American Red Cross linasonkhanitsa pafupifupi theka la biliyoni ya madola. Mu 2015 atolankhani a ProPublica ndi NPR anapeza kuti nyumba zokhalitsa zimene linamanga zinali 6 zokha. Bungwelo linayankha kuti linathandiza anthu zikwizikwi ndi pogona pongoyembekezera. Komabe ndalama zambiri zinadutsa m'mabungwe ena, lililonse likutapako gawo lake loyendetsera nchito, kotero kuti wopereka sakanatha kutsata kumene dola yake inathera.

Pamenepa Eklezia ali ndi mwayi. Parishi iripo kale tsoka lisanagwe, ndipo Caritas sifunika kucita lendi ofesi m'mudzi uliwonse. A mumphakati amadziwa mayi wamasiye amene wagona masiku awiri osaika mphika pamoto. Koma kudziwana komweku kuli ndi msampha wake: dzina la mlamu wa wapampando limalowa msanga m'kaundula kuposa la nkhalamba yosapemphera nafe, pamene njala siyang'ana khadi la ubatizo.

Vutoli si lacilendo. M'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 6, dandaulo linabuka cifukwa amasiye ena anali kuiwalika pogawa cakudya, ndipo mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri oyang'anira nchitoyo. Paulo Woyera nayenso, posonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, anafuna kuti osankhidwa ndi mipingo ayende nazo ndalamazo, kuti pasakhale womukayikira.

Tsono bungwe la parishi likakhala pansi mwezi uno, msungicuma abwere ndi malisiti. Anene zimene zinasonkhedwa, zimene zinapita ku dizilo, matumba amene anagulidwa, tsiku limene anafika, ndi midzi imene inalandira. Ziwerengedwe pa zolengeza Misa isanathe, ndipo pepalalo likhomedwe pakhomo la chalichi.