Ululu Wokhalitsa ndi Chibaba mwa Munthu Amene Anasiya Mankhwala Osokoneza Bongo

Ululu umatchedwa wokhalitsa ukapitirira miyezi itatu, kaya ukumveka tsiku ndi tsiku kapena ukumabwera ndi kupita, ndipo pofika pamenepa sukhalanso chenjezo chabe la bala kapena la nthenda ina, koma umasanduka vuto palokha, chifukwa minyewa yotumiza uthenga ku ubongo imakhala itazolowera kudandaula ngakhale chovulazacho chinachoka kalekale. Ululu wotere umapezeka pa msana wa mlimi amene wawerama ndi khasu zaka zambiri, m'mapazi onyenyeza ngati moto a wodwala shuga kapena HIV, m'mafupa a wodwala sickle cell, komanso pa mwendo umene unathyoka pa ngozi ya kabaza. Nkhaniyi imavuta kwambiri ngati wodwalayo ndi munthu amene anavutikapo ndi kachasu, chamba kapena mapiritsi osokoneza bongo n'kusiya, popeza mankhwala amphamvu kwambiri opha ululu ndi omwenso angathe kudzutsa chibaba chimene chinali chitagona.

Mankhwala amenewa ndi a m'gulu la opioid, monga codeine, tramadol, pethidine ndi morphine, ndipo pali zinthu zitatu zokhudza iwo zimene anthu, ngakhale ena ogwira ntchito m'chipatala, amazisokoneza. Kuzolowera ndiko kuti mlingo womwewo sugwiranso ntchito ngati poyamba. Kudalira kwa thupi ndiko kuti mankhwalawo akasiyidwa mwadzidzidzi munthu amatuluka thukuta, amatsekula m'mimba, amamva kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo, ndipo zimenezi zingachitikire aliyense amene wamwa morphine kwa masabata angapo, ngakhale gogo wodwala khansa amene sanalawepo mowa chibadwire. Ukapolo wa mankhwala ndi chinthu china: munthu amalephera kudziletsa, amagwidwa ndi chibaba, ndipo amapitiriza kumwa akuona yekha kuti banja, ntchito ndi thanzi lake zikuwonongeka. Kusokoneza zitatuzi kumachititsa kuti odwala ena amanidwe chithandizo popanda chifukwa, pamene ena akupatsidwa mapiritsi popanda wowayang'anira.

Dziko la America linalakwa mbali zonse ziwiri. Mankhwala a OxyContin, opangidwa ndi kampani ya Purdue Pharma, atayamba kugulitsidwa mu 1996, madokotala anauzidwa kuti ngozi ya ukapolo ndi yochepa, ndipo anawalemba mowolowa manja mpaka anthu ochuluka anakodwa. Bungwe loona zaumoyo m'dzikolo la CDC linatulutsa malangizo okhwimitsa zinthu mu 2016, koma ambiri anawatsata mopitirira muyeso n'kumadula mankhwala mwadzidzidzi kwa odwala amene anawamwa zaka zambiri, moti ena anakafuna mpumulo kwa ogulitsa mobisa. Mu 2022 bungwelo linakonzanso malangizowo ndi kuchenjeza poyera za kuipa kosiyitsa munthu mankhwala mwadzidzidzi. Ku Malawi vuto lalikulu lakhala kuchepa kwa mankhwala opha ululu osati kuchuluka kwake, komabe phunzirolo likutikhudza, chifukwa ululu wosasamalidwa ndi imodzi mwa njira zazifupi zobwezera munthu ku botolo kapena ku mapiritsi. Dokotala amene amamana wodwala chithandizo poganiza kuti akumuteteza amakhala akumukankhira komwe akumuletsako.

Chithandizo choyenera chimayamba ndi chilungamo: wodwala anene mbiri yake yonse, ndipo womuthandiza aimve popanda kumuyang'ana ngati wakuba. Kenako amayamba ndi mankhwala osadzutsa chibaba, ngakhale nawonso ali ndi malire ake. Paracetamol sayenera kupitirira magalamu 4 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo amene chiwindi chake chinafooka ndi mowa ayenera kumwa wocheperapo. Ibuprofen ndi diclofenac zimatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso zikamwedwa nthawi yaitali. Ululu wa minyewa umamva bwino amitriptyline wa mlingo wochepa womwa usiku, pamene gabapentin ndi pregabalin zimafuna kusamala chifukwa nazo anthu ena amazigwiritsa ntchito molakwika. Mafizo, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, kugona pa nthawi yake ndi uphungu wothandiza munthu kusintha mmene amaganizira za ululu wake si zinthu zongopepesera wodwala ayi. Pa ululu wa msana ndi wa m'malo olumikizira mafupa, n'zimene zimathandiza mokhalitsa kuposa opioid. Cholinga chake n'chakuti munthu abwerere kumunda, kumsika kapena kuntchito, ngakhale ululu utatsalako pang'ono.

Pali nthawi, monga pambuyo pa opaleshoni kapena pa khansa, pamene morphine amafunikadi, ndipo mbiri ya ukapolo si chifukwa chomumanira munthu. Chofunika n'chakuti azilemba dokotala mmodzi, mankhwala aziperekedwa a masiku ochepa, wachibale wodalirika azisunga botolo, ndipo ndondomeko yowachepetsera pang'onopang'ono ikonzedwe kuyambira tsiku loyamba. Wodwalayo asasiye kukumana ndi aphungu ake, monga a ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kapena a ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, chifukwa kusowa tulo, kukhumudwa, kudzipatula ndi kuyamba kuwerengera maola a piritsi lotsatira ndi zizindikiro zimene zimaoneka munthu asanagwe.

Ngozi yaikulu koposa ili pa tsiku lobwereranso ku mankhwalawo. Munthu amene wasiya opioid kwa miyezi ingapo amataya kuzolowera kuja, choncho akamwa mlingo wake wakale, makamaka pamodzi ndi mowa kapena diazepam, kupuma kwake kungathe kuima. Achibale akaona munthu wotere sakudzuka, akupuma motalikitsa ndiponso milomo yake yasintha mtundu, asadikire kuti kuche; amugoneke cham'mbali ndi kuthamanga naye kuchipatala, akanene mosabisa chimene wamwa, chifukwa jakisoni wa naloxone amathetsa mphamvu ya opioid m'mphindi zochepa.