Kulimba Kuwiri: Zitsulo Zosakaniza ndi Seramiki

M'phunziro la kumasulira tidapatsidwa ndime ya Chingerezi yonena za zitsulo zimene amazisakaniza ndi seramiki. M'ndimemo mudali mawu awiri, "strength" ndi "toughness", ndipo ine ndidawamasulira onse kuti "kulimba". Chiganizo changa chidatuluka chonena kuti kulimba kukachuluka, kulimba kumachepa. Aphunzitsi adangolemba mzere wofiira kunsi kwake. Apa ndidaona kuti sindingamasulire mawuwo ndisadamvetse chinthucho.

Kusiyana kwa mawu awiriwa kumaoneka kukhitchini. Mphika wadothi sungaupinde ndi manja, ndipo pamoto susungunuka, koma ukagwa pansi umasanduka mapale. Sefuliya ya aluminiyamu ikagwa imangopindika m'mbali, mawa n'kuphikiramonso. Kulimba koyamba ndi kukana kupindika chinthu chikalemedwa. Kwachiwiri ndi kukana kuti mng'alu uyende mpaka chinthu chisweke. Kwachiwiriku ine ndikutcha kupirira, ngakhale kuti mawuwa timakonda kunenera anthu.

Mphika uli m'gulu la seramiki, koma seramiki wa m'mafakitale ndi wouma kuposa dothi lowotcha. Amisiri amatenga ufa wake n'kuumwaza m'kati mwa chitsulo. Katundu akalemera, timibulu ta seramiki timasenza gawo lalikulu ndipo timatchinga chitsulo kuti chisapindike msanga. Mng'alu ukayamba m'kambulu kamodzi umakumana ndi chitsulo chofewa, chimene chimatamuka m'malo mosweka, ndipo mphamvu ya mng'aluwo imathera pomwepo.

Chitsanzo chimene ambiri tidachionapo ndi kansonga ka chitsulo choboolera khoma la simenti. Kansongako ndi ufa wa tungsten carbide womatidwa ndi cobalt, chitsulo chimene chimakumbidwa kwambiri ku Congo. Njirayi adaitulukira Karl Schröter ku Germany mu 1923, pofunafuna chokokera waya wa m'mababu a kampani ya Osram m'malo mwa dayamondi wodula. Kampani ya Krupp idagulitsa chitsulochi pa dzina lakuti Widia, chidule cha mawu a Chijeremani otanthauza "ngati dayamondi". Pano seramiki ndiye wochuluka, ndipo kawirikawiri cobalt amangokhala magawo 6 mpaka 12 pa 100 aliwonse. Cobalt akachepa nsonga imakhalitsa osatha koma imabenthuka msanga. Akachuluka imapirira kumenyedwa koma imaperepeseka. Ichi ndicho chimene chiganizo changa chija chidalephera kunena: kulimba kukachuluka, kupirira kumachepa.

Mtundu wina umayambira ku chitsulo chopepuka. Aluminiyamu amamuthira silicon carbide kapena alumina kuti asapindike ndiponso asaperepeseke, koma akhalebe wopepuka. Mu 1983 kampani ya Toyota idayamba kupanga mapisitoni a injini za dizilo olimbitsidwa ndi ulusi wa seramiki pamalo pamene pamakhulana kwambiri.

Chimene chidandidabwitsa n'chakuti vuto lalikulu lili pamalire, pamene seramiki wakhudzana ndi chitsulo. Ziwirizi zikapanda kugwirana bwino, timibulu timangokhala ngati mabowo, ndipo ming'alu imayambira pomwepo. Kutentha kukapitirira muyeso, aluminiyamu wosungunuka amadya silicon carbide n'kupanga aluminium carbide, amene ndi wosachedwa kusweka komanso amawonongeka ndi chinyezi. Pofuna kupewa zimenezi, opanga amawonjezera silicon mu aluminiyamuyo asadathire ufa.

Palinso nkhani ya mtengo. Seramiki yemweyo amene amalimbitsa chitsulo amabunthitsa zida zochidulira, motero nthawi zambiri pamafunika zida za dayamondi. Galimoto ya Lotus Elise idatuluka mu 1996 ndi madisiki a mabuleki a aluminiyamu wosakaniza ndi silicon carbide, opepuka kwambiri, koma patangopita zaka zochepa kampaniyo idabwerera ku madisiki a chitsulo wamba.