Cifukwa Ciani Phiri la Table Mountain Ndi Losalala Pamwamba?

Abale athu amene akugwira nchito ku Cape Town amakonda kutitumizira zithunzi ataima patsogolo pa phiri la Table Mountain. Phirili lili m'mbali mwa nyanja yamcere. Ndi lalitali mamita 1,086, ndipo pamwamba pake ndi posalala ngati thebulo mtunda wa makilomita pafupifupi atatu. Nanga linasalala bwanji, pamene mapiri akwathu kuno ndi a nsonga kapena obulungira?

Yankho lili m'miyala. Kunsi kwa phirili kuli mwala wa granite, mtundu womwe uja timauona m'mapiri a ku Sinda. Mwala umenewu umasendeka pang'onopang'ono ngati makoko a anyezi, n'cifukwa cake umabulungira. Pamwamba pa granite pali mwala wina wolimba kwambiri, umene unapangika pamene mcenga unasanjikizana mogona n'kuuma gwa. Akatswiri a za miyala amati izi zinacitika zaka zoposa 450 miliyoni zapitazo. Mvula ndi mphepo zinakokolola miyala yofewa yozungulira, koma mwala wogona uja unatsala. Ndiwo thebulo limene tikuliona lero.

Alendo ocokera m'maiko ambiri amakwera phirili wapansi, ena pa ngolo yoyenda pa zingwe imene inayamba nchito mu 1929. Ikaomba mphepo ya kum'mwera cakum'mawa, mtambo woyera umayala pamwamba ngati nsalu ya pathebulo. Kumwambako kuli maluwa ena amene sapezeka kwina kulikonse padziko, komanso mbira zoothera dzuwa pamiyala ngati zakwathu. Mu 2011 phirili linasankhidwa kukhala limodzi mwa malo asanu ndi awiri odabwitsa a cilengedwe.

Mwala ndi wolimba, koma zomera pa iwo sizicedwa kuonongeka. Dothi la pamwamba ndi locepa, ndipo moto umathamanga. Mu April 2021 moto wocokera m'phirimo unatentha laibulale ya University of Cape Town. Kuyambira 1998 phirili ndi paki yotetezedwa ndi boma, ndipo alonda ake amayang'anira moto ndi zomera.

Ifenso tili ndi mapiri a Mphangwe ku Katete, pafupi ndi njira imene alendo a mwambo wa Kulamba amadzera caka ndi caka. Tikapitiriza kudula mitengo yootcha makala ndi kutentha chire, mvula idzakokolola dothi n'kusiya miyala yokhayokha, ndipo mitsinje yathu idzayamba kuphwa msanga. Tiyeni tikambirane nkhaniyi ndi mafumu athu nyengo ya moto isanafike.